Lachisanu Limene Linasowa

"Ndiye mukuti ine ndiziphikira Masabata awiri m'nyumba imodzi? Nkhuni zake muzikatola ndinu?"

Amenewo anali azakhali anga, a Fuatino, atakhala pamkeka, akupala talo, chakudya chonga chilazi, ndi chivindikiro cha chitini. Amuna awo, malume Eteuati, anali pamwala panja, akunola chikwanje chomwe chinali chakuthwa kale.

"Sindinanene zophika, mayi. Ine ndangofunsa funso."

"Funso lanulo lakhala likudya nafe pano kuyambira Chaka Chatsopano. Taonani mmene lanenepera."

Ine ndinali nditangofika kumene kuchokera ku Auckland, ku New Zealand, komwe ndinakulira. Ntchito yonyamula makatoni inali itanditopetsa, tchalitchi ndinali nditasiya, ndipo amayi anga anaona kuti ndibwino anditumize kwa alongo awo ku Savai'i, chilumba cha ku Samoa, ndikaphunzire ulemu. Ndinkayembekeza kupeza nyumba ya bata, ya nyimbo ndi mapemphero. Ndinapeza anthu awiri okalamba akukangana za tsiku lomwe silinakhaleko.

Kumapeto kwa chaka cha 2011 boma linaona kuti malonda akutipita. Ku New Zealand ndi ku Australia kukakhala Lolemba, ife kuno ku Samoa tinali tikadali pa Lamulungu. Ife tikafika pa Lachisanu, iwo anali atatseka kale maofesi. Choncho linalamula kuti dziko lidumphe tsiku limodzi. Anthu anagona Lachinayi n'kudzuka Loweruka. Ambiri anangoseka, obadwa pa 30 Disembala n'kudandaula za keke. Koma kwa a mpingo wa Sabata, kumene malume ndi azakhali ankapemphera, nkhaniyi sinali yoseketsa. Akuluakulu a mpingo anati dzuwa silinadumphe kanthu, linalowa kamodzi n'kutuluka kamodzi monga mwa masiku onse, ndiye tsiku lopatulika ndi lomwe lija, kungoti boma lalipatsa dzina lina, Lamulungu. Ena m'mipingo anakana, anati Loweruka ndi Loweruka basi, ndipo wa Sabata sangapemphere Lamulungu.

Munthu wina akanatha kungokhala chete, n'kumadikira kuti aone kumene mphepo ilowere. Malume sakanatha. Iwo ndiwo ankaimba belu.

Belu lake ndi silinda yakale ya gasi yopachikidwa pamtengo wa zipatso wotchedwa ulu kuseri kwa katchalitchi kawo, ndipo choimbira chake ndi chitsulo cha galimoto yakufa. Madzulo aliwonse olowera Sabata malume ankaima pamenepo atavala lavalava woyera, nsalu ya m'chiuno ya amuna, maso ali kunyanja. Wotchi analibe nayo ntchito. Ankadikira mpaka kachidutswa komaliza ka dzuwa katamira, kenako n'kumenya. Belulo likalira, azimayi ankazimitsa moto, anyamata n'kutsika m'mitengo ya kokonati. Munthu wogwira ntchito yotere sangabise maganizo ake, chifukwa mudzi wonse umawamva.

Kuti mumvetse chifukwa chake funsoli linawakola chonchi, muyenera kudziwa kumene anachokera. Bambo awo anali dikoni wa tchalitchi chachikulu chapakati pa mudzi, chija chili ndi nsanja ziwiri. Malume ali mnyamata anapita ku Apia kukanyamula matumba padoko, ndipo madzulo ena analowa mutenti ya alaliki pongothawa mvula. Mvula inakata, iwo osatuluka. Atabwerera kumudzi anakana nkhumba, anakana nkhanu, ndipo Loweruka lina anakana kupita kumunda kukakumba talo wa chakudya cha Lamulungu. Bambo awo anawafunsa kamodzi kokha ngati akudziwa bwino kuposa makolo onse amene anamanga tchalitchi chija ndi miyala ya m'nyanja. Malume anayankha kuti sakudziwa kuposa aliyense, koma awerenga okha, ndipo Lamulungu si tsikulo. Mmawa mwake anapeza mkeka wawo ndi kasutikesi zili pamsewu.

Anagona m'shedi yoyanikiramo kokonati mpaka nyengo ya mvula inatha. Amene ankawazembetsera chakudya anali mlongo wawo wamng'ono, amene pambuyo pake anawatsatira m'chikhulupiriro, ndiye amayi angawa. Kenako anakumana ndi a Fuatino, mtsikana wa ku Methodist wochokera tsidya lina la chilumba, woimba kwaya, wa pakamwa pakuthwa. Iwonso anasiya mpingo wa kwawo n'kutsata mwamuna, ndipo amayi awo sanawalankhule mpaka mwana woyamba atabadwa.

Moyo wawo wonse unakhala wa anthu osiyana ndi anzawo. Loweruka, mudzi uli pa yakaliyakali, iwo ankadutsa pamsewu atavala zoyera, anthu akuwaseka kuti akuthawa ntchito. Lamulungu nalonso sankaloledwa kugwira chikwanje, chifukwa mafumu a m'mudzi salola. Choncho malume ankalima masiku ochepa kuposa aliyense, koma munda wawo sunagonepo ndi udzu. Sanali munthu wolankhulalankhula. Ulaliki sankautha, ankati akaima kutsogolo mawu amawathawa ngati nkhuku. Chimene ankatha ndi belu, komanso kuwerenga. M'tchalitchi ankakhala pafupi ndi akazi awo, Baibulo limodzi lili pabondo pawo, chala chawo chikuyenda pansi pa mizere, akuwerenga motsitsa mawu kuti azakhali azimva.

Lachisanu lija litasowa, malume anamvera akuluakulu. Anali asanawatsutsepo chibadwire. Anaimba belu Loweruka madzulo, ndipo mmawa mwake, kwa nthawi yoyamba chichokereni mkeka wawo pamsewu paja, anatuluka atavala zoyera pa Lamulungu. Utsi wa ma umu, mauvuni a miyala yotentha, unali utakuta mudzi wonse, msewu uli mbuu ndi zipewa zoyera. Pamphambano anakumana ndi akulu awo, a Sapolu, amene analowa udikoni wa bambo awo.

"Aa, achimwene, mwabwerako?" anatero a Sapolu, akuseka. "Mwazungulira njira yaitali. Mukanangodikira boma, bambo akanafa ndi mtima umodzi."

Ankangocheza, ndipo anawagwira dzanja mwachikondi ndithu. Koma azakhali amati tsiku limenelo malume sanatsegule pakamwa poimba.

Chachiwiri chimene chinawasautsa chinachitika ine ndilipo. Loweruka lina masana tinali kumunda, malume ali matope mpaka m'mawondo, foni yanga inalira. Anali amayi anga, atangotuluka m'tchalitchi ku Auckland, phokoso la ana ndi mapoto likumveka kumbuyo. Ndinawapatsa malume foni. Amayi anawafunira Sabata labwino, kenako anafunsa kuti phokoso la mbalamelo likuchokera kuti. Malume anayang'ana chikwanje chili m'manja mwawo. Anayankha kuti ali panja pang'ono. Atabweza foni anakhala pachitsa, kenako anandifunsa ngati dzuwa lomwe lili pamutu pathuli ndi lomwelo likuwala ku Auckland pakali pano. Ndinati ndi lomwelo, kusiyana kwake n'kochepa. Tsiku limenelo tinabwerera kunyumba dengu lili theka.

Azakhali nawo anali ndi dzuwa lawo. Mwana wawo wamkazi, Telesia, amagwira ntchito kufakitale ya nsomba ku Pago Pago, ndipo zilumba za kumeneko, ngakhale zili pafupi chonchi, sizinadumphe nawo tsiku. Loweruka la Telesia ndi Lamulungu lathu. Azakhali ankati iwo akamagwada pano, mwana wawo akugwadanso uko, monga zakhalira kuyambira kale, ndipo palibe nduna ya boma imene ingawalekanitse. Malume akati mlongo wanga, iwo ankati mwana wanga. Onse ankanena zoona, ndipo n'zimene zinkapweteka.

Ine ndinkaona ngati ndingathe kuwamasula. Ndinafufuza pafoni ndipo ndinapeza kuti kalekale, m'chaka cha 1892, dziko lathu linasunthidwanso, ulendo umenewo kulowera mbali inayo, mpaka tsiku limodzi linabwerezedwa kawiri. Ndinawauza malume titakhala pakhonde tikumwa koko. Ndinati mzere wonsewu anajambula ndi anthu pamapu pofuna kuti zombo zawo zisasokonezeke, ndipo palibe amene angawerenge masiku kubwerera mpaka ku Edeni. Ndinati Mulungu amene anapanga nyanja yonseyi sangakhale ndi kalendala yopachika pakhoma. Ndinkalankhula ngati mmene timalankhulira ku Auckland, mwachangu, osasiya mpata.

Malume anamvetsera mpaka ndinamaliza. Anaika kapu pansi.

"Ndiye iwe, Lisati, poti wazindikira kuti masiku onse ndi ofanana, umapemphera liti?"

Sanadikire yankho. Anati zimene ndanenazo mwina n'zoona, koma sizikuwachotsera katundu, zangowaonjezera. Poyamba ankaganiza kuti mmodzi mwa magulu awiriwa ali ndi tsiku lenileni m'thumba, ntchito yawo n'kungopeza kuti ndi uti. Tsopano akuona kuti ayenera kusankha okha, n'kudzayankha okha. Kenako ananena chinthu chimene sindinayembekeze kwa munthu wamkulu. Anati chimene chikuwaopsa kwambiri si kulakwitsa tsiku, koma kuti mwina akukana Lamulungu chifukwa cha kuseka kwa a Sapolu. Anati kunyada kumadziwa kuvala zoyera, ndipo kumakhala kutsogolo m'tchalitchi.

Anapitiriza kuimba belu kwa miyezi ingapo akudziyesa okha. Anapita dala kwa a Sapolu kukawathandiza kufolera denga, anadya nawo, anasekedwa mpaka nthabwalayo inatha mchere. Ankafuna aone ngati mtima ungakhazikike kuseka kukatha. Kuseka kunatha, mtima osakhazikika. Loweruka lililonse akagwira chikwanje ankamva ngati akuba, ndipo Lamulungu akagwada ankamva ngati mlendo pamaliro a munthu amene sakumudziwa.

Anapita kwa abusa. Abusawo anali munthu wofatsa, wamng'ono kwa iwo, ndipo anawalandira bwino. Anatenga lalanje ndi tochi n'kuwaonetsa mmene dziko limazungulira, anawawerengera mavesi, anawakumbutsa kuti thupi limodzi siliyenda njira ziwiri. Malume anavomera kuti sangathe kutsutsa lalanjelo. Anati sakunena kuti abusa akulakwa, kapena kuti amene atsale akuchimwa. Koma belu limauza anthu kuti nthawi yopatulika yafika, ndipo iwo sangauze mudzi chinthu chimene mtima wawo sukuvomera. Anatulutsa chitsulo chija m'thumba la ufa n'kuchiika patebulo. Abusa anawapempha kuti akaganizenso. Iwo anati aganiza mpaka mutu watha.

Kunyumba ndiko kunali mlandu weniweni. Malume ankayesa kuti azakhali, atatha kulalata, awatsata monga kale. Anawauza kuti kuyambira Loweruka likudzalo azikapemphera ndi kagulu kena kamene kamasonkhana m'nyumba ya munthu kumudzi woyandikana nawo, ndipo basi ya m'mawa imadutsa nthawi yabwino kwa anthu awiri. Azakhali anali akusita diresi. Sanakweze mawu.

"Bambo, ine ndinakutsatirani kamodzi. Ndinasiya amayi anga akulira pakhomo. Nthawi imeneyo ndinkatsata inu, za Sabata ndinazimvetsa pambuyo. Koma pano ndazimvetsa, ndi zanga. M'tchalitchi muja ndinabatiziramo ana anga, mwana wanga wina ndinamuimbira nyimbo yomaliza momwemo. Simungandinyamulenso ngati mtolo wa nkhuni. Inu mwawerenga, mwasankha. Ndisiyeni nanenso."

Malume anati mapanga awiri avumbwitsa. Azakhali anati ndiye aliyense akhale m'phanga lake, mvula idziwe yokha wofuna kumunyowetsa.

Zinayamba choncho. Lachisanu azakhali ankaphika chakudya cha amuna awo, n'kuchivindikira. Loweruka malume ankakwera basi okha, ndipo pobwera ankapeza akazi awo ali pakalikiliki kukonzekera Sabata lawo, mapoto akulira mwina kuposa mmene amayenera kulirira. Lamulungu azakhali ankavala chipewa n'kutuluka, malume n'kutsala pakhonde. Anthu ena a mumpingo anasiya kuwapatsa moni. Wina anauza azakhali kuti nyumba yawo yalowa mzimu wogawanitsa. Kagulu katsopano kaja nakonso kanali ndi anthu ake aukali, okonda kutchula anzawo akale mayina oipa a m'buku la Chivumbulutso, ndipo malume anawauza poyera kuti wina akadzatchulanso choncho anthu amene akazi awo akupemphera nawo, iwo adzapempherera pansi pa mtengo. Anali atataya mpingo wina, winawo asanaupeze bwinobwino.

Belu linapatsidwa kwa mphunzitsi wina amene ankaliimba poyang'ana wotchi. Nthawi zina linkalira dzuwa likadali pamwamba pa madzi, malume n'kupukusa mutu.

Loweruka lina madzulo malume anayala mkeka moyang'ana kunyanja kuti atsekere Sabata lawo. Azakhali anatuluka m'bafa tsitsi lili lonyowa, atanyamula buku la nyimbo, kuti atsegulire lawo. Kwa milungu yonseyo ankachitira zimenezi mkati, kuseri kwa nsalu. Tsiku limenelo anaima pakhomo, anayang'ana amuna awo, anayang'ana dzuwa.

"Tasunthani," anatero. "Dzuwa si lanu nokha."

Malume anasuntha. Belu linalira, molawirira pang'ono. Anaimba nyimbo imodzi, wina akutsazika, wina akulonjera, azakhali akutsogolera chifukwa malume nyimbo amaiyamba pamalo pomwe palibe amene angaifikire. Atamaliza azakhali anati asaganize kuti agwirizana nazo. Malume anati sakuganiza choncho. Kuyambira pamenepo mkekawo unkayalidwa Loweruka lililonse.

Mmawa mwake azakhali anandilamula kuti ndiwanyamulire chikwama kutchalitchi, poti ndinalibe chochita ndipo nkhope yanga inkafunika kuonedwa ndi anthu abwino. Ndinakhala pafupi nawo, pamalo a malume. Abusa atatchula vesi, anthu onse anayamba kutembenuza masamba. Azakhali anatsegula Baibulo, analitalikitsa mpaka mkono unatha, anatsinzinira, kenako analitseka mwakachetechete n'kuikapo manja. Ulaliki wonse anaumvera choncho. Potuluka anandiuza kuti ndikakangoyerekeza kunena kunyumba, ndidzagona ndi nkhumba za a Sapolu.

Ndinanena.  Malume anati zaka zonsezi ankayesa kuti amawawerengera chifukwa akazi awo amakonda mawu awo. Sanadziwe kuti maso anayamba liti kufooka, chifukwa chala chawo chinali pamzere nthawi zonse.

Ndinkaganiza kuti apezerapo mwayi. Zinali zosavuta: akanangonena kuti bwerani kumene kuli ine ndizikuwerengerani. Lachisanu lotsatira anandidzutsa kuti tipite kutauni ya Salelologa. Tinakwera basi yodzaza, mwana wa munthu wina ali pamiyendo panga, nyimbo zikugunda m'mabenchi. Titagulitsa talo kumsika analowa m'sitolo ya Matchaina, ija imagulitsa chilichonse kuyambira maambulera mpaka mbedza, ndipo anaima pa bokosi la magalasi owerengera.

Mtsikana wogulitsa anawafunsa nambala yake. Malume anati nambala sakuidziwa, magalasiwo si awo. Anatulutsa Baibulo m'thumba, anandiuza kuti ndiwaonetse pomwe azakhali analifikitsa. Ndinatambasula mkono. Anayesa ndi chikhato kuchokera pamphuno panga mpaka pabuku, n'kumuonetsa mtsikanayo, iye akudziletsa kuseka. Anawasankhira awiri. Ena anali akuda, ena ofiirira okhala ndi timaluwa m'mbali. Malume anawatembenuza nthawi yaitali, n'kutenga a timaluwa. Anafunsa ngati angadzabweze akapanda kukwana, mtsikanayo anati bola asawakande.

Tili panja ndinawafunsa ngati akudziwa chimene akuchita. Ndinati azakhali akayamba kudziwerengera okha akhoza kupeza kuti wolakwa ndi iwo, malume.

"Akapeza adzandiuza, mphwanga," anatero. "Mayi amene uja sanandibisirepo cholakwa changa."

"Nanga akapeza kuti mukulondola?"

"Chimenecho ndiye adzabisa."

Anakulunga magalasiwo m'kampango, n'kuwaika m'thumba la malaya, n'kumanga batani. Tinakwera basi yobwerera. Dzanja lina linali pachifuwa kuteteza thumbalo kwa anthu odzazana, maso ali pawindo kuyang'ana dzuwa, lomwe linali litayamba kupendekera kunyanja. Titatsika pamphambano anandipatsa dengu lopanda kanthu lija kuti ndinyamule, iwo n'kutsogola mofulumira, dzanja likadali pathumba.